Kukonzanso Bungwe Lathu la Maliro ku Johannesburg: Zolemba za Mlembi

Msonkhano waukulu wa mu Januwale unandipatsa udindo wotsogolera kagulu ka anthu asanu kokonzanso kayendetsedwe ka bungwe lathu la maliro, ndipo unagwirizana kuti ndizilemba zimene tachita ndi zimene taimitsa, pamodzi ndi zifukwa zake, kuti membala aliyense, kaya amakhala ku Diepsloot, ku Mayfair, ku Rosettenville kapena ku Tembisa, azitha kutsatira popanda kudalira zakumva. Zolembazi ndazisiya monga ndinazilembera mwezi ndi mwezi, ngakhale pamene maganizo anga anadzasintha pambuyo pake. Mayina a anthu sindinawaikemo.

Febuluwale

Chimene chinatifikitsa pano tonse tikuchidziwa, koma chiyenera kulembedwa. Chaka chatha thupi la mmodzi wa mamembala athu linakhala kumochale masiku ambiri kuposa mmene linayenera kukhalira, chifukwa ndalama zimene buku linkasonyeza kuti zilipo sizinali zonse m'manja mwa a Msungichuma. Panalibe amene anaba. Gawo lalikulu linali litabwerekedwa kwa mamembala amene anali pa mavuto a lendi kapena a matenda, komiti itavomereza pakamwa pokha, ndipo ambiri anali asanabweze. Mochale imawerengera ndalama tsiku ndi tsiku, ndipo kumudzi anthu anali atakhala kale pasiwa, anamfedwa akuwadyetsa, adzukulu akufunsa tsiku lokumba manda, pamene kuno galimoto inali isananyamuke n'komwe.

Pa msonkhano wathu woyamba tinawerenga maganizo onse amene mamembala anapereka, ndipo anakwana khumi. Ena anafuna akaunti ya kubanki, ena kuti bungwe lilembetsedwe ku boma la South Africa, ena kuti tigule galimoto yathuyathu ndi ngolo yake yonyamulira maliro. Achinyamata anafuna pulogalamu ya pafoni yoonetsa amene wapereka ndi amene sanapereke. Amayi anafuna nsalu ya bungwe. Panalinso ofuna thumba lokhazikika la ngongole longa banki mkhonde, ofuna kuti tilowe mu inshuwalansi ya maliro, ofuna thandizo kwa odwala, ofuna akaunti ina ku Malawi, ndi ofuna kaundula watsopano wa mamembala. Palibe ganizo limene linali lopanda nzeru, n'chifukwa chake tinakhala maola atatu osagwirizana kanthu, mpaka mayi wina wa m'kagulu kathu, amene amagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg, anatikumbutsa kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, natiuza kuti iwo amapuma Lamulungu limodzi lokha pa masabata awiri ndipo sangaligawe pa zinthu khumi.

Mawu amenewo ndi amene anatiwongola. Zimene kagulu kathu kali nazo ndi maola ochepa a anthu asanu amene onse ali pa ntchito za eni, ndi chikhulupiriro cha mamembala chimene chinachepa kale chaka chatha. Tinagwirizana kuyeza ganizo lililonse ndi funso limodzi: ngati chinthu ichi sitichichita chaka chino, kodi pali thupi limene lingachedwe kupita kumudzi, kapena banja limene lingalandire zochepa kuposa zimene tinalilonjeza? Pa muyeso umenewu tinatsala ndi ntchito zitatu zokha, ndizo kuimitsa ngongole m'malo mozikulitsa, kuika ndalama kubanki, ndi kukonza kaundula. Zina zonse zidikira mpaka Ogasiti. Ndinapempha kuti zodikirazo zilembedwe poyera pamodzi ndi mwezi wodzazionanso, chifukwa munthu amene ganizo lake langozimirira popanda yankho amaona ngati wanyozedwa, pamene amene wauzidwa mwezi amatha kudzatifunsa nthawiyo ikakwana.

Malichi

Kuimitsa ngongole kwakhala kowawa kuposa mmene ndinkaganizira. Pa msonkhano wa ku Rosettenville mayi wina amene ntchito inawathera mu Disembala anaimirira nandifunsa kuti, "A Mlembi, ndiye kuti ndalama imene ndakhala ndikupereka zaka zonsezi idzandithandiza ndili m'bokosi basi?" Ndinalibe mawu owakhazika mtima pansi, choncho ndinawauza zoona zokhazokha, kuti chaka chino thumba ili ndi la maliro okha, ndiponso kuti ndikudziwa kuti ena mwa ife lendi ikawapanikiza apita kwa amashonisa, amene chiwongoladzanja chawo sichisiyana ndi katapila wa kwathu. Ululu wa chigamulochi ukugwera mamembala osauka kwambiri pakati pathu, pamene ambiri a ife a m'komiti tili ndi malipiro a pamwezi, ndipo sindikufuna kuti zimenezi zibisike.

Sindinabwerere m'mbuyo chifukwa thumba limodzi silingasenze malonjezo awiri amene onse amafuna ndalama pa nthawi yosadziwika. Ngongole imabwerera pang'onopang'ono, koma imfa imafuna ndalama yonse tsiku limodzi, ndipo nthawi zina siibwera imodziimodzi. Tonse tikukumbukira moto wa pa 31 Ogasiti 2023 m'nyumba ya Usindiso ku Marshalltown, umene unapha anthu oposa 70, ena mwa iwo Amalawi anzathu. Mamembala athu ambiri amakhala mothithikana m'nyumba imodzi kapena m'zisakasa zoyandikana, ndipo amakwera takisi imodzi popita kuntchito, kotero kuti ngozi imodzi ikhoza kutibweretsera maliro atatu usiku umodzi. Pa chifukwa chimenechi tagwirizana kuti m'thumba muzikhala ndalama zokwanira maliro atatu, ndipo palibe chinthu china chimene chidzalipiridwe kuchokera mmenemo mpaka malirewo atakwana. Tasankha kuwerengera m'maliro osati m'marandi, popeza mitengo ya mochale, ya bokosi ndi ya mafuta siikhala pamodzi.

Ngongole zakale zibwezedwa popanda chiwongoladzanja, aliyense monga angathere, bola mwezi uliwonse kanthu kazilowa. Ofuna kuthandizana pa za lendi ali ndi ufulu woyambitsa chipereganyu chawo, chosakhudza thumba la maliro ndiponso chosayendetsedwa ndi komiti. Mamembala angapo asiya kupereka mwezi uno. Ndawaimbira foni mmodzimmodzi, ndipo ena amvetsa, ena ayi.

Epulo

Banki yatifunsa malamulo olembedwa a bungwe, chikalata cha msonkhano umene unasankha osainira, ndi ziphaso za osainirawo pamodzi ndi umboni wa kumene amakhala, motsatira lamulo la FICA la 2001, limene limafuna kuti banki izidziwa bwino anthu amene ikuwatsegulira akaunti. Malamulo athu anali pa mapepala awiri olembedwa pamanja kalekale. Tinalakalaka kuwalembanso onse kuyambira pachiyambi, koma tadziletsa, ndipo talemba zigawo zokhazo zonena za cholinga cha bungwe, maudindo, zopereka ndi katulutsidwe ka ndalama.

Vuto lalikulu lili pa osainira. Mmalawi amalowa mu South Africa popanda viza kwa masiku 30 okha, ndipo ife tilibe chilolezo chapadera chonga chimene anzathu a ku Zimbabwe ndi a ku Lesotho anapatsidwa. Zotsatira zake n'zakuti ambiri mwa amene anayambitsa bungweli, nalisenza zaka zonsezi, alibe mapepala amene banki ingawalandire, pamene amene ali nawo ndi ochepa, ndipo ambiri mwa iwo ndi achinyamata ophunzira amene analowa posachedwa. Tikangotsatira zofuna za banki osaganiza mozama, mphamvu zonse za bungwe zichoka kwa akuluakulu n'kupita kwa anthu atatu amene chowayenereza chawo ndi chidindo cha m'pasipoti. Achinyamatawo ndi anthu abwino, koma mamembala sanawaone pa maliro ambiri, ndipo kwathu munthu amakhulupiriridwa chifukwa cha mausiku amene wagona pasiwa.

Tagawa udindowu pawiri. Osainira atatu sangatulutse ndalama popanda chikalata chosainidwa ndi a Wapampando, a Msungichuma ndi woimira dera limene malirowo agwa. Uthenga uliwonse wochokera kubanki aziutumiza kwa a Msungichuma tsiku lomwelo, ndipo sitetimenti ya mwezi iziwerengedwa mokweza pa msonkhano. Njira imeneyi ichedwetsa ndalama ndi maola angapo, ndipo tavomereza kuchedwako.

Ndisanabweretse nkhaniyi pa msonkhano ndinapita kunyumba kwa a Msungichuma ku Turffontein, chifukwa sichikanakhala chaulemu kuti bambo amene asunga ndalama za bungwe m'nyumba mwawo zaka zonsezi, nthawi zina akugona ndi mantha a achifwamba, amvere pagulu kuti ndalamazo zikuchoka m'manja mwawo. Ndinati, "Bambo, udindo ndi wanube, ife tikungofuna kukutulani katundu wogona naye m'nyumba." Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anandifotokozera za bambo awo, amene anabwera kumigodi pa Theba ndege ija yonyamula Amalawi ogwira ntchito kumigodi isanagwe ku Francistown mu 1974, Kamuzu asanaimitse maulendo a kumigodi, ndipo anafera kuno n'kuikidwa m'manda amene mpaka lero palibe wa kubanja amene akuwadziwa. Anati bungweli analiyambitsa ndi anzawo kuti pasadzapezekenso munthu wokhala mtchona ngakhale atafa, ndipo ngati banki ndi imene iteteze lonjezo limenelo iwo sakana, bola buku likhalebe kwa iwo. Buku latsala kwa iwo. Ndikanatha kuumirira kuti zonse zilowe m'kompyuta nthawi imodzi, koma kutaya bambo amenewa, pamodzi ndi anthu onse amene amapereka chifukwa chowakhulupirira iwo, kukanatipweteka kuposa ntchito yolemba kawiri.

Meyi

Akaunti yatsegulidwa. Kumayambiriro kwa mwezi ndinalengeza kuti kuyambira pa 1 Juni sitidzalandiranso ndalama ya m'manja, ndipo ndinali wotsimikiza kuti ndikuchita bwino, chifukwa mapanga awiri avumbwitsa: ndalama zina zikakhala kubanki, zina m'matumba mwa anthu, mapeto ake palibe amene amadziwa zimene zilipo. Masabata atatu oyeserera andionetsa kuti ndinafulumira.

Munthu wa ku Diepsloot amene amadalira ganyu ayenera kukwera takisi kuti akafike pa makina a banki olandira ndalama, ndipo banki imadula kanthu pa ndalama yoikidwa pamanja, kotero kuti pa chopereka chochepa ngati chathu, ulendowo ndi zodulidwazo zikudya gawo looneka. Amayi ogona kuntchito amatuluka Lamulungu lokha. Ena aika ndalama osalemba nambala yawo ya umembala, ndipo pa sitetimenti pali ndalama zingapo zimene eni ake sakudziwika. Ena sanayese n'komwe chifukwa choopa kulakwitsa pamakina pamene kumbuyo kwawo kuli mzere wa anthu.

Ndabweza chilengezo changa pamaso pa komiti. Dera lililonse lasankha wotolera mmodzi wokhala ndi buku la malisiti la makope awiri, amene aziika ndalama za dera lonse kubanki kamodzi, pasanathe masiku awiri chitolereni, n'kutumiza chithunzi cha lisiti la kubanki kwa a Msungichuma ndi kwa ine. Amene angathe kutumiza yekha pafoni apitirize. Kuipa kwake n'kwakuti ndalama zizikhalabe m'manja mwa munthu masiku awiri, mumzinda umene kuyenda ndi ndalama n'koopsa, ndiponso ine ndizithera madzulo awiri kumapeto kwa mwezi uliwonse ndikufananiza mabuku a otolera, buku la a Msungichuma ndi sitetimenti. Njira ziwirizi ziyendera limodzi mpaka kumapeto kwa chaka. Kuumirira tsiku la 1 Juni kukanasunga mbiri yanga yosabweza mawu, koma kukanatulutsa m'bungwe anthu omwewo amene bungweli linayambitsidwira.

Juni

Kaundula akuyenda pang'onopang'ono, ndipo ndavomereza kuti ayende choncho. Poyamba tinaganiza zopempha chithunzi cha pasipoti ya membala aliyense pa WhatsApp, chifukwa munthu akamwalira pasipoti ndi imene imafunika koyamba, ku Home Affairs polembetsa imfa, ku ofesi ya kazembe wa Malawi, ndi popempha chilolezo cha a zaumoyo chotulutsira thupi m'dziko. Anthu ambiri anachita mantha, ndipo mantha awo ndi omveka, chifukwa mndandanda wa mayina, malo okhala ndi masamba a mapasipoti, uli m'foni imene ingabedwe mu takisi, ndi chinthu choopsa kwa munthu amene masiku ake anatha. Lamulo la POPIA, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 Julayi 2021, limafunanso kuti wosunga mbiri za anthu atenge zokhazo zimene zikufunikadi ndipo aziteteze.

Tsopano tikulemba dzina monga lilili m'pasipoti, mudzi, mfumu yaikulu, boma, foni ya wachibale mmodzi kuno ndi mmodzi kumudzi, kumene munthu akufuna kudzaikidwa, ndi dzina la munthu amene akudziwa pamene pasipoti imasungidwa. Za mapepala okhalira m'dziko sitifunsa. Pa maliro tidzataya maola ena kufunafuna pasipoti, koma tikanaumirira zithunzi zija ambiri sakanalembetsa.

Julayi

Mwezi uno tataya m'bale wathu wa ku Mzimba, amene anatisiya atadwala masiku ochepa m'nyengo yozizira ino. Ndikulemba ndi chisoni, koma ndiyenera kufotokoza mmene dongosolo latsopano linayendera. Uthenga unafika usiku, chikalata chinasainidwa ndi anthu atatu aja m'mawa mwake, ndipo ndalama zinafika kwa okonza maliro dzuwa lisanalowe. Mlongo wawo, amene dzina lawo linali m'kaundula, anabweretsa pasipoti tsiku lomwelo. Masiku amene anadutsa pambuyo pake anali odikira mapepala okha, ndiwo chikalata cha imfa, chikalata chosonyeza kuti thupi lakonzedwa ndi mankhwala, kalata ya ku ofesi ya kazembe ndi chilolezo chotulutsira thupi. Palibe tsiku limene linatayika chifukwa cha ndalama.

Maliro omwewo aulula nkhani imene tinaiphonya. Galimoto yonyamula maliro imatsata msewu wa N1 mpaka ku Musina, n'kuwoloka pa Beitbridge, kudutsa Masvingo ndi Harare mpaka pa Nyamapanda, kenako kulowa mu Mozambique, kuwoloka Zambezi ku Tete, n'kufika kwathu pa Mwanza kapena pa Dedza. Kwa munthu wa ku Neno, ku Blantyre kapena ku Ntcheu, pamenepo ulendo umakhala utatsala pang'ono kutha. Kwa munthu wa ku Mzimba, ku Rumphi kapena ku Karonga pamakhala patatsala mtunda wautali pa msewu wa M1, ndipo eni galimoto amalipiritsa molingana ndi mtundawo. Ndalama imene bungwe limapereka ndi yofanana kwa aliyense, choncho banja la m'bale wathuyu linayenera kuwonjezera, ndipo linapulumukira pa mbale ya chipepeso imene inayenda pasiwa ku Tembisa.

Komiti inakhala kawiri pa nkhaniyi. Ine ndinaima pa mfundo yakuti lonjezo lathu ndi kufikitsa munthu pakhomo pa makolo ake, kotero kuti bungwe liyenera kulipira ulendo wonse, kaya ndi wa ku Mwanza kaya ndi wa ku Chitipa. Achimwene ena a ku Mayfair, ochokera ku Mangochi, anandifunsa funso limene sindinaliganizire. Anati abale athu achisilamu amaika maliro mwamsanga monga chipembedzo chimafunira, ndipo kawirikawiri amaika konkuno. Kodi iwo, amene amapereka chimodzimodzi mwezi ndi mwezi, azilandira zochepa chifukwa chakuti thupi silinakwere galimoto? A Wapampando anawonjezera kuti tsiku limene komiti idzayambe kuwerengera ndalama potengera boma limene munthu akuchokera kapena mmene amapembedzera, ndi tsiku lomwelo limene anthu adzayambe kukhala m'magulu a kumpoto, a pakati ndi a kummwera pa misonkhano yathu, ndipo iwo anaonapo mabungwe a Amalawi akugawikana pa nkhani zoterezi.

Chigamulo n'chakuti ndalama ikhale yofanana kwa onse, ndipo mbale ya chipepeso ipitirire, komiti ikuilimbikitsa makamaka pamene ulendo uli wautali. Ine ndinavotera mbali inayo ndipo ndinagonja. Ndikukhulupirirabe kuti mabanja a kumpoto akusenza katundu wolemera kuposa anzawo, ndipo ndapempha kuti nkhaniyi idzaonedwenso thumba likadzakula. Komabe mfundo ya anzanga ndi yolimba, kuti lamulo losavuta, limene aliyense angaliwerengere yekha, limasunga mtendere pa nthawi imene anthu ali ndi chisoni ndipo sangakambirane modekha. Ndinapita ndekha kukafotokozera mamembala a ku Tembisa, monga chigamulo cha komiti yonse chimene inenso ndichitsatira.

Ogasiti

Monga tinalonjezera, taonanso zinthu zisanu ndi ziwiri zimene zinadikira. Galimoto ndi imene mamembala ambiri amaifuna, ndipo ndikuwamvetsa, chifukwa ndi chinthu chooneka ndi maso chimene munthu angaloze n'kunena kuti ndi chathu. Koma mtengo wogulira ndi chiyambi chabe. Pafunika mapepala a galimoto pa malire atatu, inshuwalansi yogwira ntchito m'mayiko anayi, madalaivala awiri, ndi kutsatira malamulo a 2013 a kasamalidwe ka mitembo, pamene mochale tizilipirabe kwa ena. Galimotoyo ikhoza kukhala miyezi osayenda, kenako n'kufunika pa maliro awiri sabata imodzi. Zipolowe zimene zinatsatira chisankho cha ku Mozambique cha mu Okutobala 2024 zinatikumbutsanso kuti ulendo wodutsa m'dziko la eni ukhoza kuvuta mwadzidzidzi, ndipo kuli bwino kuti vuto lotere ligwere kampani yokhala ndi magalimoto angapo. M'malo mwake tikambirana ndi okonza maliro awiri kapena atatu kuti atipatse mitengo yolembedwa ya chaka chonse.

Inshuwalansi ya maliro ili ndi ubwino umene sitingaukane, wakuti maliro atatu a usiku umodzi sangagwetse kampani yaikulu monga angagwetsere thumba lathu. Koma malamulo a kuno amalola kampani kuika nthawi yodikira yofika miyezi isanu ndi umodzi pa imfa ya matenda, kutanthauza kuti kwa theka la chaka tikanapereka kuwiri, ku kampani ndi kuthumba lathu. Okalamba amalipiritsidwa zambiri, ndipo funso la mapepala libweranso. Tatuma mmodzi wa ife kuti afunse makampani ovomerezedwa ndi FSCA, bungwe la boma loyang'anira makampani a zachuma, ngati amalandira pasipoti ya Malawi ndiponso ngati amathandiza thupi likamatuluka m'dziko, ndipo adzatiyankha mu Febuluwale.

Kulembetsa ku boma kudikiranso. Lamulo la 1997 la mabungwe osapanga phindu limalola kulembetsa kwaulere ku Department of Social Development, koma limafuna malipoti a ntchito ndi a zachuma chaka chilichonse pasanathe miyezi isanu ndi inayi chaka cha ndalama chitatha, ndipo linapangidwira mabungwe otumikira anthu onse, pamene lathu limathandiza mamembala ake. Palinso lamulo la Friendly Societies la 1956, lokhudza mabungwe othandizana pa maliro ndi matenda. Tifunika uphungu wa wodziwa malamulo tisanasankhe, komanso mabuku olongosoka a chaka chathunthu, amene pakalipano tilibe.

Akaunti ya ku Malawi taikana, popeza zolipira zathu zazikulu zili m'marandi, ndipo kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 aliyense amene anasunga ndalama kumeneko anaona zimene zinachitika. Zofunika kumudzi tizitumiza pa Mukuru tsiku limene zafunika. Pulogalamu ya pafoni taichotseratu pa mndandanda, chifukwa malisiti ndi sitetimenti yowerengedwa pa msonkhano zikugwira kale ntchitoyo.

Pa nsalu ndinalakwitsa. Ndinaiika kumapeto kwenikweni chifukwa siifulumizitsa thupi kupita kumudzi, ndipo pa muyeso wathu zimenezo zinali zoona. Amayi sanadikire. Anasonkherana ndalama zawo, nagula nsalu yofanana ku Fordsburg, ndipo anaivala pa maliro a mu Julayi. Mamembala awiri amene anasiya mu Malichi anabwerera atawaona akuchezera ndi nyimbo pasiwa usiku wonse. Muyeso wathu umayeza bwino ndalama ndi masiku, koma suona zimene zimachititsa munthu kumva kuti bungwe ndi lake, choncho ndipempha kuti zinthu zotere, zosakhudza thumba, zisamadikirenso chilolezo cha kagulu kathu.

Seputembala

Pofika lero kubanki kuli ndalama zokwanira maliro awiri ndi kanthu pang'ono pamwamba, kotero malire a maliro atatu sitinawafike. Ngongole zakale zikubwerera, ngakhale anthu ochepa sanayambe n'komwe, ndipo a Wapampando apempha kuti awayendere okha tisanabweretse nkhani yawo kukomiti. Madera onse amaliza kaundula kupatula limodzi. Otolera asunga lamulo la masiku awiri, kupatula kamodzi, pamene wotolerayo anadziulula yekha tisanamufunse. Pa ndalama zopanda eni zija patsala ziwiri.

Chimene chikundisowetsa tulo ndi chinthu chachisanu ndi chiwiri, thandizo kwa odwala, chimene mu Ogasiti tinalephera kuchigamula. Sabata yatha ndinakazonda bambo wina, membala wa zaka zambiri, amene sangathenso ntchito yawo ya ulonda ndipo akufuna kubwerera kwawo ku Machinga akadali moyo. Anandigwira dzanja nati, "Mwana wanga, mundinyamule ndikuona, ndikafere m'manja mwa alongo anga." Tikiti ya basi yochokera ku Park Station ndi yotsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi ulendo wa bokosi, ndipo iwo eni zimenezi akuzidziwa. Malamulo amene tinalemba ife tomwe mu Epulo salola. Pa muyeso wa mu Febuluwale pempho lawo silidutsa, chifukwa palibe thupi limene likuchedwa, koma cholinga chimene a Msungichuma anandiuza ku Turffontein, chakuti munthu asakhale mtchona, chikuwakhudza iwowa kuposa wina aliyense. Ndikuopanso mafunso amene angatsatire: ndani adzagamule kuti uyu wadwala mokwanira, ndipo membala amene wapita kumudzi n'kuchira, kodi ufulu wake wa maliro udakalipo?

Ndalemba ganizo loti liperekedwe ku msonkhano waukulu wa mu Okutobala, lakuti membala wodwala kwambiri amene ali ndi kalata ya dokotala azitha kutenga gawo la ndalama yake ya maliro kuti alipirire ulendo wake ndi wa womuperekeza mmodzi, ndipo gawolo lidzachotsedwe pa zimene banja lidzalandire. Kagulu kathu kagawikana, atatu mbali ina awiri mbali ina, ndipo ndapempha kuti mbali zonse ziwiri zidzalankhule pa msonkhanowo mamembala asanavote. Bambowa sangadikire Okutobala, choncho mamembala a dera lawo ayendetsa mbale Lamulungu lino, kunja kwa thumba la bungwe, ndipo Lolemba ndiwaperekeza ku ofesi ya kazembe kukafunsa za chiphaso chaulendo, popeza pasipoti yawo inatha.